Mikwamba Makumi Awiri

Eilif atabwerera kwawo ku gombe la Norway patatha zaka makumi atatu, anapeza pamene ankayanikapo nsomba pali malo omwera khofi. Ana a m'mudzimo sankamudziwa n'komwe. Choncho mwana wa mlongo wake, mphunzitsi Torunn, atapempha kuti awatengere ana asanu m'boti akawauze za Krakeni, chilombo cha m'nyanja cha m'nthano, mkuluyo anameta ndevu m'mamawa ndithu. Ankangofuna kuti wina amumvetsere.

"Pano m'pakuya mikwamba makumi asanu ndi atatu," anatero atazimitsa injini. "Chingwe choyezera kuya chikaima pa makumi awiri, makolo athu ankadziwa kuti ali pamsana pa Krakeni. Nsomba zimachuluka pamenepo, koma chikangoyamba kukwera, gwirani nkhafi!"

"Agogo, imeneyo ndi nyama chabe ya m'nyanja, sikwidi," anatero Oddny, kamtsikana kagweru. "Mikono khumi, diso ngati mbale. Tinaionera pa foni."

"Foniyo inakuuzanso kuti imanunkha bwanji?"

"Ngati sokosi zanuzo!"

Onse anafa nacho chiseko, ndi Torunn yemwe. Eilif anangoponya chingwe cha chitsulo kunsonga, n'kuwauza kuti aziwerenga. Khumi. Khumi ndi zisanu. Pa makumi awiri chingwe chinalefuka.

Ana anayang'anana.

Eilif anayang'ana kumtunda. Kale malowa ankawapeza poyang'anitsa nsanja ya tchalitchi ndi mpata wa phiri. Tsopano nsanjayo yabisika kuseri kwa hotela, iye n'kulondola denga lolakwika. Anali ataimika boti pamwala wa pansi pa madzi umene mwana aliyense wa m'nthawi yake ankaudziwa.

"Amalume," Torunn ananong'ona, "mwasochera eti?"

"Khala chete, iwe. Ponyani mbedza, ana inu, msanga chisanadzuke!"

Pamwala nsomba sizisowa. Zinadya nthawi yomweyo, ana akukuwa, wina akukoka uku akusuzumira m'madzi ndi diso limodzi. Oddny anawedza yaikulu kuposa onse, koma phazi sanalichotse pafupi ndi Eilif.

"Agogo, chikukwera?"

Eilif anagwira chingwe, nachita ngati akumvetsera. "Chatembenuka chabe. Tili ndi mphindi zisanu."

"Ndiye nenani msanga! Chinamezapo ndani? Boti lonse? Anthu a m'mudzi muno?"

Mkuluyo anakhala pansi bwinobwino, napukuta manja pa buluku, n'kuyambira pachiyambi penipeni.