Kope la Miyezi Yotentha

Belita anali kupeta nandolo kuseri kwa nyumba pamene belu la njinga linalira pabwalo. Sanafulumire. Anamaliza kaye lichero limene linali m'manja, n'kukhuthulira nandoloyo m'thumba, kenaka anazungulira kumaso akusasa mankhusu pachitenje.

Anali alamu ake, a Stafford, mng'ono wa malemu amuna ake a Nickson. Njinga anali ataitsamiritsa pamtengo wa mango, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, njuchi zathawanso," anatero asanakhale n'komwe. "Mng'oma wachinayi umenewu. Ndapita m'mawa, ndapeza zisa zokhazokha."

"Pepani, alamu. Khalani pansi, mumwe madzi."

"Komanso mayi uja wa ku Zomba wabwera, Gertrude, uja tinam'patsa makope a achimwene. Akuyenda m'midzi kufunsa ngati kalendala yawo ija ikuthandiza anthu. Akuti afika kuno dzuwa likapendeka."

Belita analowa m'nyumba kukatunga madzi mumtsuko, ndipo anakhalitsamo kuposa mmene chikho chimodzi chimafunira.

A Nickson ankaweta njuchi m'munsi mwa phiri la Michesi. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ankalemba m'makope a ana asukulu mtengo umene wachita maluwa, tsiku lake, ndiponso ngati njuchi zateramo. Gertrude, mtsikana wophunzira za tizilombo kusukulu yaukachenjede, ndiye anawapempha kutero. Koma miyezi yotentha, kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, masamba a makopewo ankakhala oyera, chifukwa nthawi imeneyo bamboyo ankapita ku Chilwa kukagula matemba ogulitsa. Chaka cha 1997 chokha ndicho anakhala pakhomo chilimwe chonse. Matenda anali atawagwira kale. Ankayenda ndi ndodo kufika kumtsinje, n'kubwerera kudzakhala pakhonde, kope lili pabondo.

Anamwalira chimanga chikuchita ngaiyaye. Tsiku lomusudzula Belita, katundu wa malemu anayalidwa pamphasa kuti abale awo atenge monga mwa mwambo: njinga, jekete, nkhwangwa, makope asanu ndi awiri. Ming'oma inatchulidwa pakamwa, n'kugwera a Stafford, amene anali kalipentala wosadziwa kanthu za njuchi. Kope lachisanu ndi chitatu, lomaliza lija, silinafike pamphasapo. Belita anali atalikulunga mu bulauzi yake yoyera ya Mvano, pansi pa sutikesi. Ndipo Gertrude atabwera kudzatenga makopewo n'kufunsa ngati malemu sanalembeko kanthu chaka chodwalacho, Belita anayang'ana pansi nati, "Kope limenelo linadyedwa ndi chiswe."

Kuwerenga sankadziwa. Komabe Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi ankatseka chitseko, n'kulivundukula kopelo, chala chikutsata mizere. Ankadziwa pamene dzanja linali lolimba, ndi pamene linayamba kunjenjemera, ndi tsamba limene linadontheredwa phala. Fungo la utsi wofukizira njuchi linali litatha kalekale, koma iye ankalinunkhizabe. Popemphera, akafika pa mawu akuti "mutikhululukire," lilime linkadutsapo mothamanga ngati phazi pamchenga wotentha.

Atatuluka ndi madzi aja, a Stafford anapisa dzanja m'chikwama cha panjinga natulutsa kabotolo. Uchi unali wosafika n'pakati pomwe.

"Wa chaka chino ndi womwewu. Musaseke."

"Alamu, njuchi zikuthawa, inu n'kumagawanso?"

"Ming'oma ndi ya amuna anu. Ine ndine wantchito chabe, wantchito wake wopusa."

Zaka zisanu ndi chimodzi, kabotolo kameneka sikanaphonyepo.

Gertrude anafika pa kabaza, atanenepako, magalasi ali pamphuno. Anagwada popereka moni, ndipo atapatsidwa mpando anaukana nakhala pamphasa pafupi ndi Belita. Anafotokoza kuti zolemba za a Nickson anaziphatikiza ndi za alimi ena, n'kupanga kalendala ya maluwa imene inagawidwa kwaulere. Tsopano amene anathandiza ntchitoyo akufuna kudziwa ngati kugawanako kunapindula kanthu.

"Kwa Kaduya ndapeza alimi makumi awiri ndi atatu amene anaipachika m'nyumba," anatero akuvundukula mapepala ake. "Kwa Mkhumba ena anabzala mitengo potsata mayina olembedwa pa kalendalayo. Ngakhale ophunzira a kunja amalembera kalata kupempha zolembazi. Dzina la bambo lili m'mabuku awo, amayi."

"Dzina lawo lenileni?"

"Lenileni. Nickson Sitima."

Belita anakonza mpango wake kumutu, ngakhale unali wosamasuka.

"Koma paliponse ndikumva dandaulo limodzi," Gertrude anapitiriza. "Okutobala akafika, njuchi zimachoka. Kalendala yathu miyezi imeneyi ili mbuu, yosalembedwa. Mitengo ya m'phiri yatha ndi makala, ndipo palibe amene analemba chimene njuchi za kuno kuchigwa zimadya dzuwa likatentha."

"Lembani pamenepo kuti Stafford Sitima wataya ming'oma inayi," anatero alamu aja. "Mulembe ndi zilembo zazikulu, azungu anuwo aone."

Gertrude anaseka, nalembadi. Kenaka anatembenukira kwa Belita. "Funso lomaliza ndi lanu, amayi. Inu amene munapereka makope, mwapindulapo chiyani?"

Belita anayang'ana nkhuku imene inkatola nandolo wotayika pafupi ndi lichero.

"Ndinadziwa kuti funsoli n'lopanda ulemu," Gertrude anatero chapansipansi. Anatulutsa envulopu. M'katimo munali pepala limodzi lokutidwa ndi pulasitiki. "Ndinajambulitsa tsamba ili pamakina. Ndinaganiza kuti popeza chiswe chinakulandani lomaliza lija, pakhomo pano panatsala popanda dzanja lawo."

Belita analilandira ndi manja awiri. Linali dzanja lomwelo, la masiku amene a Nickson ankakwera mtengo osapumira. Mtsikanayu anali atasunga bodza la Belita zaka zonsezi ngati chinthu chomvetsa chisoni, n'kuyenda nalo ulendo wonse kuchokera ku Zomba kudzamupepesa. Kabotolo ka uchi kanali chiimire pamphasa, dzuwa likuwala m'kati mwake.

Belita anadzuka n'kulowa m'nyumba. Iwo anamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Atatuluka, anaika kope lachikuto chobiriwira pamiyendo ya Gertrude, nabwerera pamalo ake.

Gertrude anapukuta magalasi, navundukula tsamba loyamba.

"Mundiwerengere," anatero Belita. "Mokweza."

"Seputembala 3. Nandolo wochedwa wa kuseri akadali ndi maluwa. Njuchi zambiri m'mawa. Seputembala 9. Maluwa a mango ayamba kuyoyoka, njuchi zachepa. Belita wandifundika chitenje chake, akuganiza kuti ndagona."

Gertrude anaima. Belita anagwedeza mutu kuti apitirize. Mawu anali a mtsikanayo, koma kayalidwe kake kanali ka a Nickson, kachidule, kopanda zokometsera, monga mmene ankayankhulira akamanola nkhwangwa. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi chala chake chinkadutsa pa dzina lake lomwe osalizindikira.

"Okutobala 2. Zatera pa nkhadze. Uchi wake umawotcha pakhosi, osakolola. Okutobala 11. Ndafika kumtsinje movutika. Nyowe wa kudimba la amayi wachita maluwa, mitengo yonse itatu ikulira ngati galimoto. Palibenso china chamaluwa m'mudzi muno. Okutobala 20. Nyowe yemweyo. Mitengo imeneyi ndiyo nkhokwe ya njuchi mpaka mvula. Ndimuuze Stafford asadzaidule."

A Stafford anavula chipewa pang'onopang'ono. Anachitembenuza m'manja, nayang'ana m'kati mwake.

"Itatu," anatero. "Ndinaidula chaka chadzana, yowotchera njerwa. Ndi nkhwangwa ya achimwene yomweyo."

Belita anakumbukira tsikulo. Anamva kugwa kwa mitengoyo ali pachitsime, ndipo madzulo ake anawapititsira odulawo thobwa.

Gertrude anatseka kope, chala chili pakati pa masamba. "Ndilijambulitsa ku Chitakale mawa, ndipo ndilibweza ndekha, amayi. Silikagona ku Zomba. Nyowe amamera msanga m'mbali mwa madzi. Ena kwa Mkhumba sanadulebe yawo."

Koma Belita sanali kumvera zimenezo. Anatsika pamphasa nagwada pa dothi, moyang'anana ndi alamu ake. Mawu amene lilime lake linkawathawa Lamulungu lililonse anatuluka pang'onopang'ono, omveka mpaka kumpanda.

"Alamu, chiswe sichinadye kanthu. Ndinabisa ndine, tsiku lija la pamphasa. Uthenga unali wanu, ine n'kuugoneka m'sutikesi, uchi wanu ndikudya chaka ndi chaka. Inunso, mwana wanga Gertrude, ndinakunamizani m'maso muli gwa. Ndinkangofuna kuti kanthu kamodzi ka iwo katsale m'nyumba muno. Ndalakwa. Ndikhululukireni."