Sidiki ndi Nyerere za ku Lilayi

Ntchito zonse zimene Sidiki anagwirapo m'Lusaka zinali zomveka. Ku Kabulonga ankatchetcha kapinga, ku Woodlands ankasesa, ndipo bwana akabwera ankaona yekha kuti munthu wakhetsa thukuta. Koma iyi ya ku Lilayi inamuzunguza mutu kuyambira tsiku loyamba. Anamulemba kuti azilondera udzu.

Womulembayo anali Helen Kabamba, mayi wofufuza za tizilombo, amene anatchinga ndi waya kadambo kotsala pakati pa mapuloti atsopano. Ankati m'menemo muli agulugufe ang'onoang'ono abuluu amene kwina konse anatha anthu atamangapo nyumba.

"Ba Sidiki, osadula mauzu, osashoka na mulilo, osangenesa mbuzi. Chabe."

"Manje nchito yanga ni chani?"

"Ni yamene iyo."

Munthu wa imvi, msana utayamba kale kudandaula, sakana ntchito yokhala pansi. Koma Sidiki ankachita nayo manyazi. Mkazi wake Asia akamufunsa kuti lero mwagwira chiyani, ankangoti udzu uli bwino. Mumtima ankaopa kuti tsiku lina Helen adzazindikira kuti akusunga munthu wopanda chochita, n'kumuchotsa. Pa msinkhu umenewo ndani akanamulembanso?

Mvula itagwa agulugufe anatuluka n'kuikira mazira pa timaluwa tofiirira. Helen anagwada n'kumuonetsa timbozi tochepa ngati njere za mpunga, nati timeneti ndiye chifukwa cha waya wonsewu. Mawa lake Helen anamva za maliro a amalume ake ku Mansa, n'kunyamuka.

Ndiye Sidiki anaona zinthu. Nyerere zikuluzikulu zinkatola timbozi tija, kamodzikamodzi, n'kumalowa nato kuuna masanasana, mlonda ali pomwepo! Anaimbira Helen, foni osalowa. Anaimbanso, chimodzimodzi.

Apa panali povuta. Malemu bambo ake, mmisiri wokhoma zidebe wochokera ku Mangochi, ankati Msilamu sapha nyerere, ndipo ankayenda maso ali pansi kuti asaziponde. Sidiki ali mwana ankawaseka kuseri. Komabe chikhalireni anali asanapheko nyerere dala. Anasinkhasinkha masiku awiri, timbozi tikutha. Kenako anati ayi, nayi ntchito yooneka ija, ndipo anakagula palafini.

Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi anafufuza una uliwonse m'kadambomo n'kuthiramo. Anagwira ndi mtima wonse, poti ulesi sankaudziwa. Lachisanu unatsala una umodzi pafupi ndi mzati wapangodya, nthawi ya ku mzikiti n'kukwana. Atabwerako kopemphera anaima pa unawo botolo lili m'manja, dzanja n'kukana. Anadzitukwana kuti ndi wamantha, navindikira unawo ndi beseni lobooka kuti Helen asadzaone kuti ntchito sanaimalize.

Helen atabwera, Sidiki anamulandira pageti chifuwa chili patsogolo.

"Madamu, munali bakawalala muno. Nyelele zenze kutenga tumbozi twanu. Nazisiliza."

Helen ananunkhiza mpweya, nayang'ana mabanga akuda m'udzu, n'kukhala pansi pamatope osayala n'chitenje chomwe. Sanakalipe. Sidiki akanakonda akanakalipa.

"Ba Sidiki," anatero motsitsa mawu, "nyelele zimaganiza ati tumbozi ni bana bazo. Zimatusunga pansi chilimwe chonse. Mvula ikabwela, gulugufe achoka mu mugodi wa nyelele. Kulibe nyelele, kulibe gulugufe. Nenze nifunika kumuuzani, nanga na malilo yaja."

Sidiki anamva mawu onse koma mutu unakana kuwalandira. Wakuba ndiye mlezi? Wolondera ndiye wowononga? Ndiye kuti masiku amene ankangokhala pamthunzi akuchita manyazi ndi amene ankagwira bwino ntchito? Anayang'ana manja ake, fungo la palafini likadalimo, namva chisoni chosadziwa kuti akumvera agulugufe, nyerere kapena iye mwini.

"Mwasiliza yonse migodi?" anafunsa Helen.

Sidiki sanadziwenso kuti mlandu ndi uti, kumaliza kapena kusamaliza. Zaka zonse zimene wagwira ntchito kwa anthu, yankho lopulumutsa linali lakuti inde bwana, ndamaliza. Anangotembenuka n'kulunjika ku mzati uja, Helen akumutsatira. Anawerama navundukula beseni, ali ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

Nyerere zinali pikitipikiti. Imodzi inkalowa kuuna itanyamula kambozi.

Helen anagwada n'kuyang'ana nthawi yaitali, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Chifukwa chani apa munasiya?"

"Makolo banga... batate benze kukanisa," anayankha mwachibwibwi, osadziwa ngati akupepesa kapena akudzitama.

"Mailo mubwele," anatero Helen, kunena za mawa.

"Kuchita chani, madamu?"

"Kulonda aka kamugodi."

Poweruka, popita kokakwera minibasi, kondakitala anamukuwira kuti afulumire, mudala, malo atsala amodzi. Sidiki sanathamange. Panjira panali mzere wa nyerere, ndipo ankayenda maso ali pansi, akukweza mwendo monga ankachitira bambo ake.