Makasu m'munda wa a Belita

Gulu lathu limayitanidwa munthu akasokonezeka mutu, akafuna kudzipweteka, kapena banja likafika pogwirirana zikwanje. Tinaliyamba namondwe wa Freddy atapita, chifukwa kuno kwa Nkhulambe madzi anaphwa koma anthu ambiri sanabwerere mwakale. Apolisi ali kutali, ndipo akabwera amabwera ndi unyolo, poti ndicho chida chimene anapatsidwa. Ife tili ndi njinga ndi foni imodzi. Foniyo amasunga Praise, mtsikana wazaumoyo wochokera ku Ntcheu. Ine anandilowetsa m'gululi chifukwa sindiyankhulayankhula. Akuti ndikakhala pansi, munthu amatopa yekha n'kuyamba kufotokoza.

M'mawa wina Praise anandipeza ndikumangirira mbuzi.

“A Fraser, tiyeni. A Redson ali m'munda wa a Belita, akuzula nandolo, akukumba dzenje. Ali ndi chikwanje. Micheal, mwana wa a Belita, akuti aimbira apolisi.”

Ndinatenga khasu.

“Khasulo ndi la chiyani? Tikupita kukawaletsa!”

Ndinalimangirira pa njinga.

Redson ndi mkamwini m'mudzi muno. Mkazi wake, Selestina, anapita ndi madzi pamodzi ndi nyumba, ndipo thupi silinapezeke. Pamene panali nyumbayo panatsala mchenga ndi miyala yochokera kuphiri. Malo ndi a kuchikazi, choncho a Belita, mkulu wake wa malemu, anadzalapo nandolo. Kwathu kuno mkazi akamwalira, maliro akatha, abale ake amamusudzula mwamunayo kuti akhale mfulu, apite kwawo kapena akwatire. Ine zinandichitikira Aliness wanga atamwalira, ngakhale kuchoka ndinakana. Koma Selestina sanaikidwe m'manda, ndiye Redson sanasudzulidwe. Anangotsala choncho, wosakhala mwini mudzi, wosakhala mlendo.

Tinapeza anthu atandanda m'malire mwa munda. Nandolo anali atayamba maluwa, ndipo mitengo yozulidwa inali mbwee pamchenga. Redson anali m'dzenje lofika m'chiuno, thukuta lili kamukamu, chikwanje chili pambali pake. A Belita anakhala pansi chapatali, atatseka pakamwa ndi chitenje. Mwana wawo wamkulu, Micheal, ankazungulira ndi foni m'manja.

Praise anayandikira, nagwada m'mphepete mwa dzenje.

“A Redson, tatulukani tikambirane. Kuchipatala kuli mankhwala okuthandizani kugona.”

Redson anatola chikwanje. Anthu anabwerera m'mbuyo.

“Kugona? Mkazi wanga ali pansi apa, inu mukuti ndikagone? Ndikamupeza ndipita ndekha kuchipatala chanucho.”

“Mwaonatu!” anakuwa Micheal. “Inu a gulu ntchito yanu ndi kunyengerera amisala. Nandolo ameneyu ndiye chakudya chathu chaka chino. Ine ndaimba kale, akubwera.”

Ndinadziwa mapeto ake. Kuwononga mbewu, kuopseza anthu ndi chikwanje: ameneyo ndi wa m'chitokosi. Munthu wotere akalowa mmenemo satulukamo ali yemweyo, ndipo Redson analibe mbale woti n'kukamuzonda.

Ndinatsikira m'dzenjemo cha mbali inayo, n'kuyamba kukumba.

“Mukutani, madala?” anafunsa Redson.

“Ndikukumba.”

“Mukundiseka?”

“Ayi.”

“Inu mukukhulupirira kuti alimo?”

“Sindikudziwa. Tikumbe tione.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chikwanje pansi, poti munthu sangagwire khasu ndi chikwanje nthawi imodzi. Tinakumba. Khasu langa litakola muzu wa mtengo wa mango umene unagwa, ndinati, “Bwerekeni chikwanje.” Anandipatsa. Ndinadula muzuwo, n'kuuponya kunja pamodzi ndi chikwanjecho. Praise anachitola osayankhula. Ndi mwana wanzeru, amangofulumira pakamwa.

Dzuwa litakwera, Redson anayamba kuyankhula, maso ali pa khasu. Anati khomo linali apa, mtondo unkakhala apo. Anati tsiku la namondwe anali atatuluka kale onse awiri, koma Selestina anabwerera kukamasula mbuzi.

“Ndinamugwira chitenje. Chitenjecho chinatsala m'manja mwanga.”

Ndinapitiriza kukumba.

“Ndimadutsa pano tsiku ndi tsiku. Alamu anga anadzala nandolo pamwamba pa iye, ndipo nandoloyo akukula bwino kuposa wa aliyense. Ndione chiyani pamenepo, madala?”

Mawuwo anamveka mpaka kumalire. A Belita anadzuka, nasasa chitenje, n'kulunjika kumudzi.

“Amayi apsa mtima tsopano,” anatero Micheal. “Muona.”

Sindinamuuze Redson kuti madzi aja anakokolola zinthu mpaka kudambo la Chilwa. Ankadziwa yekha. Chimene ndaona pa ntchitoyi n'chakuti munthu wachisoni sasowa womuuza zoona. Amasowa woti aime naye mpaka zoonazo azifike ndi manja ake. Koma ndinkamvetseranso kumsewu, chifukwa njinga yamoto ya apolisi ikanafika tili awiri okha m'dzenje, zonsezi zikanapita pachabe.

A Belita anabwerera atasenza chidebe cha thobwa, makapu ali m'manja. Anatula m'mphepete mwa dzenje, natunga kapu yoyamba.

“Alamu, imwani.”

Redson anazengereza. Kenako analandira.

“Amayi!” anatero Micheal. “Mukumwetsa munthu amene akukuwonongerani munda?”

“Iyeyu wakumba kuyambira m'mawa kufunafuna mayi ako aang'ono. Iwe wakumba chiyani? Foni?”

Ena anaseka, koma kusekako sikunatalike, chifukwa aliyense anamva tanthauzo la chidebecho. Mwini munda akabweretsa thobwa kwa anthu amene ali ndi makasu m'munda mwake, limenelo ndi dima. Ntchitoyo yasanduka yake, ndipo wongoima n'kumaonerera ndiye wamanyazi. Amuna anayamba kuzemba mmodzimmodzi, n'kubwerera ndi makasu ndi mafosholo. Amayi ankatuta mchenga ndi mabeseni.

Wapolisi anafika dzuwa lili paliwombo, fumbi lili thupi lonse. Anaimika njinga yamoto, nayang'ana khamulo.

“Wodandaula ndani?”

Micheal anakweza dzanja, koma osati kwambiri.

“Munda ndi wanu?”

“Ndi wanga,” anatero a Belita.

“Ndauzidwa kuti pali wamisala akuwononga mbewu.”

“Awa ndi anthu anga a dima, bwana. Tikufunafuna mng'ono wanga.”

Wapolisiyo anayang'ana nandolo wozulidwa. Anayang'ana Redson, amene anali ataima chilili, khasu lili m'manja. Kenako anatembenukira kwa ine.

“Inu madala a gulu, mukuti bwanji?”

“Tikukumba.”

Anavula chisoti, napukuta nkhope. Anati nayenso masiku a namondwe ankakumba nawo m'matope, ndipo sanaiwale. A Belita anamutungira thobwa, namwa ali chiimire. Wapolisiyo anauza Praise kuti zikasintha amuimbire, n'kuliza njinga yake.

Chakumasana makasu anagunda dothi lofiira, lolimba, lozira ndi manja. Panali pansi pa nyumba. Tinachotsa mchenga wonse kuchokera kukhomo mpaka kuchipinda. Tinapeza chivundikiro cha poto ndi mapale a mtsuko. China panalibe.

Anthu anatuluka m'dzenje. Redson anakhala pansi pa dothi lofiiralo, nalisisita ndi chikhatho.

“Mulibe,” anatero.

“Mulibe,” ndinavomera.

Analira. Ndinakhala pambali pake, osamugwira.

A Belita anatsetsereka mpaka pamene tinali, nakhala moyang'anana naye.

“Alamu, ifenso timadikira, tikuti mwina apezeka. Tadikira mokwanira. Loweruka tidule thunthu la nthochi, tilikulunge m'nsalu, tikaliike kumanda m'dzina lake. Abusa ndikawauza ndekha. Tikatero tikusudzulani mwaulemu, monga mwamuna amene anasunga bwino mbale wathu.”

Redson anapukuta misozi.

“Nthochiyo ndikadula ndine,” anatero.

“Mukadula ndinu.”

“Nandolo wanuyu…”

“Wozulidwa saphukanso. Mvula ikagwa mudzabwere ndi khasu.”

Tinakwirira dzenjelo dzuwa lisanalowe. Micheal anagwira nawo fosholo, osayang'ana munthu kumaso. Praise anandikokera pambali n'kundiuza kuti masiku amenewa ndi oopsa, Redson asakhale yekha, ndipo za kuchipatala adzamufunsanso maliro akatha. Ndinagwedeza mutu. Ndinali nditamuuza kale Redson kuti kwanga kuli malo.

Tinayenda limodzi, ine ndikukankha njinga, iye atasenza makasu onse awiri.