Ulusi wa Naomi

"Nkhani yatha, bambo Pius," anatero a Ezekiele, malume ake a malemu Naomi, akukuntha fumbi pachipewa. "Takusudzulani. Mawa mubwerere kwanu ku Mtakataka. Mwana atsala ndi ife eni mbumba."

Abale anali atangometa tsitsi la maliro m'mawa womwewo, patatha masiku atatu chimuikire Naomi m'manda. Kusudzula mkamwini kumadikira miyezi, koma abale a Naomi analibe mtima wodikira. Mwanayo, Tawonga, anali pamiyendo pa Felesita, mkulu wake wa malemuyo. Zaka ziwiri anali atakwanitsa, koma timikono tinali ngati mapesi, mapazi otupa, tsitsi lofiira. Aliyense pabwalopo matendawo anawadziwa kale: tsempho. Bambo anayenda ndi akazi a kunyanja n'kumusempha mwana.

"Si tsempho ayi," anatero Pius, maso ali pansi. "Mwanayu atamugoneka kuchipatala chifukwa chonyentchera, chiponde ankadya koma sikelo osakwera. Ndiye anatiyeza magazi tonse atatu. Tawonga ali ndi kachilombo. Akumwa mankhwala m'mawa ndi madzulo, ndipo akangodukiza..."

"Tamumvani!" a Ezekiele anamudula pakamwa. "Mwatiphera munthu, lero mukufuna kumutukwana ali m'manda? Naomi wathu anali wa kwaya. Mwanayu Loweruka tipita naye kwa asing'anga. Zachizungu zanuzo mutenge."

Mkamwini amamveka mkazi wake akadali moyo; akangomwalira, ngakhale nkhuku za pamudzipo zimamuposa mawu. Za akazi a kunyanja Pius sakanatha kukana. Koma chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti Naomi anamulumbiritsa kuti asadzauze abale ake za kachilomboko. Lumbirolo analiphwanya, osapindula kanthu.

M'mawa mwake ananyamula chikwama kulowera ku Golomoti kukakwera minibasi. Atadutsa mabango, anamva mapazi kumbuyo. Anali Felesita, khasu paphewa ngati wopita kumpunga ku Bwanje, Tawonga ali kumsana.

"Alamu, taimani. Zimene munanena dzulo zija n'zoona?"

"Ndinamirenji pa mwana wanga, alamu?"

Pius anatulutsa kajumbo m'chikwama. Munali buku la kuchipatala, botolo la mankhwala lotsala theka, ndi kajakisoni kopanda singano koyezera mankhwalawo.

"Mankhwalawa akwanira masabata awiri. Akatha, mupite naye kuchipatala ndi bukuli."

"Amalume akadziwa andithamangitsa pamudzi," anatero Felesita. "Sindikulonjeza kanthu."

"Ndikudziwa."

Tawonga anayang'ana bambo ake osalira. Mphamvu zolirira zinamuthera kalekale, ndipo Pius anachita mantha kumugwira, poopa kuti akamunyamula salolanso kumusiya.

Felesita anatembenuza kajakisoni kaja uku ndi uku, nkhope itagwa.

"Nanga timanambalati? Ine sukulu ndinangoiona panja. Ndimupha ndi manja anga mwanayu."

"Musavutike ndi manambala. Muzikoka mpaka pa ulusipo."

Felesita anayang'anitsitsa. Pakati pa kajakisoniko panali ulusi wofiira wosomoledwa pachitenje, wokulungidwa katatu n'kumangidwa mfundo yolimba.

"Anamanga ndani?"

"Naomi. Sabata yomaliza ija, atayamba kulephera kudzuka. Zala zinkamunjenjemera, anavutika nawo masana onse. Nditamufunsa anangoti ndimusiye."

Felesita anasisita ulusiwo ndi chala. Naomi anafika Fomu 2, ndipo makalata a m'mudzi monse ankawerenga ndi iye. Pius nayenso kuwerenga ankatha. Pabanjapo panalibe wofuna ulusi.

"Ndiye ankamangira ine," anatero Felesita. "Pakamwa ankandibisira, koma ankamangira ine."

Anaponya khasu pansi, nakhala pa udzu m'mbali mwa njira. Anamasula Tawonga kumsana n'kumukhazika pamiyendo. Kenako anatsegula botolo ndi mano, nakoka mankhwala pang'onopang'ono mpaka pa ulusi wa mng'ono wake.