Mwezi ndi Mgwalangwa wa Priska

Chaka chimene Petro anatengedwa kukagwira ntchito ya njanji ku Chiromo, mkazi wake Priska anatsala ku Makhanga ndi khanda lawo Emelia kumsana komanso munda wa chimanga m'mphepete mwa Shire. Mvula inali itanyanya kumtunda, ndipo anthu anayamba kusamukira ku mphala, malo okwera kumene madzi safika.

Priska anali ndi muyezo wake umene anamusiyira malemu bambo ake. Mwezi ukangooneka, ankaima pakhomo n'kuyang'ana kumadzulo, kumene kunali mgwalangwa wautali, woongoka ngati mzati. Nyanga za mwezi zikapingasana bwino ndi mtengowo, ndiye kuti mbale yakhazikika, madzi satayika. Zikapendekera, pinda mphasa uzipita. Muyezowu unali usanamunamizepo, ndipo ankaunyadira mopitirira.

Dzuwa litangolowa, kunabwera Francisco, mnansi wake, yemwe ankaolotsa anthu pa mwadiya, bwato lake lamtengo.

"Amake Emelia, ulendo uno ndi womaliza. Tengani mwana, tiyeni."

"Chimanga changa ndisiyire mvuu? Taimani pano muone."

Francisco anaima pakhomopo. Mwezi unali utakhala bwinobwino pambali pa mgwalangwa.

"Koma kudoko kuja ndauona utapendekera," anatero.

"Kudoko munayezera chiyani? Diso lopanda poyezera limanama."

Munthu wamakani sumukoka ndi chingwe. Francisco anapukusa mutu n'kutsetserekera kumtsinje.

Kunena zoona, Priska ankaopa. Nyerere zinali kukwera khoma zitanyamula mazira, ndipo mtsinje unkamveka pafupi kuposa dzulo. Mantha akamugwira ankadziuza kuti bambo ake sakanamusiyira bodza.

M'mawa anatuluka ndi mtsuko, napeza njira ya kudoko kulibe, kuli madzi ofiira okhaokha. Anatembenukira kwa mgwalangwa uja ngati munthu wofunsa mboni yake. Pamasamba ake panalendewera zisa za atchete. Zisazo zinaloza pansi molunjika, koma thunthu silinalunjike nazo. Anayandikira. Mizu inali pamtunda, ndipo pansi pake mtsinje unali utakumba phanga mwakachetechete.

Apa m'pamene anazindikira. Mwezi unalidi utapendekera, monga ananenera Francisco. Mtengo nawo unali utapendekera mbali yomweyo, ndipo ziwirizi zinagwirizana pamaso pake.

Anaponya mtsuko, namangitsa mbereko, n'kuthamangira pa chulu cha kuseri kwa nyumba. Madzi anali atafika kale m'bwalo. Anaitana Francisco mpaka mawu kusasa, koma pamtsinje ponse panalibe bwato.

Mgwalangwa unagwa pang'onopang'ono, atchete n'kubalalika. Priska anamasula Emelia kumsana n'kumukweza paphewa, chifukwa dothi la chulu linali litayamba kufewa pansi pa mapazi ake.