Khumi pa Makumi Awiri

"Pindaninso kachiwiri," anatero a Daka, atakweza kapepala kawo m'mwamba. Ana makumi atatu ndi awiri a Giredi 5 anapinda awo. Ine ndinali kumbuyo, pa desiki ya mwana amene anajomba tsikulo, fomu ya malikisi ili pamwendo.

Linali Lachiwiri, pa 16 Meyi 2023. Sukulu yathu ndi yaing'ono, yolipira, kuseri kwa msika wa Katete, ndipo ine ndine mphunzitsi wamkulu. Tinkafuna mphunzitsi wa masamu. Makalata anabwera asanu ndi awiri. Nditaona dzina la Rabson Daka pa kalata yachinayi, ndinaiwerenga kawiri, kenaka ndinawaimbira foni ndekha. Mutu woti adzaphunzitse pa kuyesedwa kwawo ndinasankhanso ndekha: mafulakishoni ofanana.

"Tsopano futukulani. Mbali imene tinapaka ija yakula kapena yachepa?"

"Ili chimodzimodzi!" anayankha ana.

"Koma tizidutswa tilipo tingati tsopano? Mwaona? Hafu yangosintha dzina. Ndani atipatse dzina lina?"

Raihana, kamtsikana kamene sikachedwa kukweza dzanja, kanati, "50 pa 100, aphunzitsi."

Ndinasiya kulemba. Apa ndi pamene ndinkadikira.

"Wakhoza," anatero a Daka. "Bwera ku bolodi udzatiuze chifukwa chake."

A Abudala, eni sukuluyi, anandiweramira. "Madala awa ntchito amaidziwa," ananong'ona. "Koma za m'kalasi n'zanu, Madamu Hellen. Ine ndikatsegule shopu."

Zaka makumi awiri m'mbuyomo, Lachinayi pa 27 Novembala 2003, a Daka omwewa anatibwezera mapepala a mayeso otsekera chaka pa sukulu ya kwathu, kufupi ndi Mkaika. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Funso lachisanu ndi chinayi linali la malikisi awiri: lembani fulakishoni yofanana ndi 1/2. Ndinalemba 5/10, chifukwa amayi ndi ang'ono awo akamapalira mizere khumi ankagawana isanu isanu, ndipo palibe ankadandaula kuti wachepekedwa. A Daka anathetha. Ndinapeza 17, mnzanga wa m'kalasi Mike Sakala 18.

Ndinapita ku tebulo lawo. "Aphunzitsi, 5 pa 10 ndi hafu."

Anatsegula kumapeto kwa buku lawo, kumene kumakhala mayankho. "Werenga apa."

"2 pa 4."

"5 pa 10 wako ukumuona?"

"Ayi, koma..."

"Iwe ndi amene analemba bukuli, wanzeru ndani?"

Anandigwaditsa pa miyala ya pakhomo la kalasi mpaka belu lowerukira. Miyalayo ndikanaiwala. Koma atate anali atanena kale, ndipo sankabweza mawu: mwana wamkazi apitirize sukulu pokhapokha akakhala nambala wani. Ndinakhala nambala thu. Zaka za 2004 ndi 2005 ndinazithera m'munda wa thonje, kupalira, kutunga madzi opopera mankhwala, kutola mpaka zala kung'ambika. Ndinabwerera m'kalasi mu Januwale 2006, malume atalowererapo, ndili wamtali kuposa aliyense pa mzere.

Phunziro litatha ndinawaitanira a Daka mu ofesi. Anakhala kumphepete kwa mpando, chikwama chawo chakale chili pa maondo. Jekete linali losita bwino, koma pakhosi linali litayamba kunyenyeka.

"Mwachokera ku Sinda lero?"

"Kupitirira pang'ono, madamu. Ndinapuma ntchito chaka chatha. Koma kunyumba kuli adzukulu anayi, amayi awo anatisiya. Mphamvu zikadalipo, monga mwaonera."

"Mwandizindikira?"

Anandiyang'anitsitsa, akumwetulira ngati munthu amene akufuna kukondweretsa. "Nkhope siyachilendo. Kapena ku tchalitchi?"

Ndinawauza dzina la atate, mudzi, tsiku, nambala ya funso ndi yankho langa. Sindinakweze mawu. Ndinawauzanso za thonje. Anamvetsera mutu uli pansi, ndipo nditamaliza anapukusa pang'onopang'ono.

"Ana anali ambiri, madamu. Chaka chimenecho m'kalasi munali oposa makumi asanu ndi atatu. Ine ndinali ndisanapite ku koleji, anangonditenga poti ndinamaliza Giredi 12. Buku lija ndilo linali mphunzitsi wanga. Ngati ndinatero, ndinalakwa."

"Ngati?"

"Kunena zoona, sindikukumbukira."

Akanakumbukira, mwina zikanatha mwa njira ina. Ndinali nditawalembera kale malikisi ndi pensulo: 18 pa 20. Mwa ena onse amene tinawayesa sabata imeneyo panalibe anafika pa 14. Ndinatenga labala, n'kufufuta mzere ndi mzere iwo akuona, kenaka ndinalemba ndi bolopeni: 10 pa 20. Ndinawatembenuzira fomuyo.

Anavala magalasi, nawerenga. Nkhope yawo inamasuka pang'ono. "M'chidziwitso chanu munati wofika pa hafu mudzamuganizira. Ndiye kuti ndafikapo."

Ndinatsegula faelo ya malamulo a sukulu, n'kuloza ndi chala. "Tawerengani apa, a Daka."

"1 pa 2 ya malikisi onse."

"10 pa 20 mukumuonapo?"

Anavula magalasi, nawapinda, nawaika m'thumba.

"Mwana wanga," anayamba.

"Madamu."

"Madamu. Ana aja phunziro analimva. Zimenezo musawalande."

"Zikomo chifukwa chobwera. Mlonda akutsegulirani geti."

Ntchitoyo ndinapatsa Jenipher Mwanza, amene anapeza 13. A Abudala atafunsa, ndinati madala aja thupi latha, sangathe chaka. Anangoti, "Mwadziwa ndinu."

Koma zimenezo zinali za mawa lake. Tsikulo, a Daka atatuluka, ndinaima pa zenera la ofesi limene limaonetsa msewu waukulu. Nthawi inali 10:40. Anaima pa siteji ya maminibasi opita ku Sinda. Yoyamba inaima, kondakitala anawakodola, iwo anakana ndi dzanja. Yachiwiri chimodzimodzi. Kenaka anakhala pa kalavati, navula nsapato zawo zopolisha, namanga zingwe zake pamodzi, nazikoleka pakhosi. Anapinda miyendo ya buluku kawiri mbali iliyonse, mofanana bwino, nauyamba wapansi m'mphepete mwa tala.