Misomali Iwiri

Bambo atayamba kuiwala zinthu, namwino anandilangiza kuti ndiziwapatsa kantchito kogwira ndi manja. Anali kalipentala moyo wawo wonse, ndipo manja awowo ankakana kupuma: mwina akusomola ulusi wa juzi, mwina akugwedeza mwendo wa tebulo kuti amve ngati uli wolimba. Ndiye ndinawapatsa buku la mdzukulu wanga, lija la zithunzi zoti ana azipaka mitundu, ndi kachitini ka mapensulo.

"Mwandibweza kusukulu ya mkaka?" anatero tsiku loyamba. "Nanga yunifomu ili kuti?"

Koma anapaka. Bakha, basi, ambulera, osalumpha mzere olo pang'ono.

Lachitatu lina masana ndinawatsegulira tsamba latsopano osaliyang'ana, ine n'kupita kukasita zovala. Nditabwerako ndinasuzumira paphewa pawo. Chinali chithunzi cha zenera lotsegula, kunsi kwake atakhomako bokosi lamatabwa lodzaza maluwa.

Tili ana tinkakhala m'nyumba yosanja, pansanjika yachitatu. Mayi ankakonda maluwa koma pobzala panalibe, choncho Bambo anawakhomera bokosi lotere kunja kwa zenera la kuchipinda. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mng'ono wanga, yemwe tinkangomuti Kamzime, anali ndi zitatu. M'mawa wina Mayi anatsika kukayanika zovala. "Uzimuyang'ana mnzakoyu," anatero. Ndinamuyang'anadi, mpaka anzanga atandiitana pamasitepe kuti ndikaone kamwana ka mphaka. Sindinakhalitseko. Kulira sindinamve ayi. Ndinangomva kuti phi! ngati wina waponya thumba la mchenga. Bokosi ndi mwana, zonse zinali pansi.

Palibe anandifunsa kumene ndinali. Pamaliro, ngakhale pambuyo pake, palibe. Tinasamuka, Mayi anakalamba mpaka kumwalira osabzalanso duwa, ndipo kwa zaka makumi anayi ndi zisanu ndinkadikirabe funso limenelo.

Pachithunzipo, maluwa Bambo sanawakhudze. Bokosi lokha ndi limene analipaka mtundu wa thabwa, motsindika mpaka pepala linkanyezimira. Tsopano anali ndi pensulo yakuda, akudontheza timadontho m'mphepete mwa bokosilo, motalikirana bwinobwino.

"Timadonthoti n'ta chiyani, Bambo?"

"Misomali." Sanadzutse mutu. "Inandithera, mayi a ana. Ndinakhoma iwiri yokha. Ndimati ndiwonjezera Loweruka."

"Bambo, si Mayi. Ndine mwana wanu wamkulu."

"Wamkuluyo musamukalipire, mwamva? Ndi mwana uja. Kamzime akanatsamira bwanji, bokosi lokhoma bwino silikanazuka. Ndi ine." Anagogoda pachifuwa ndi pensulo. "Ndakuuzani inu nokha. Ana asamve."

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni, malaya amene ndinasita aja ali m'manja. Ndiye kuti Mayi ankadziwa. Anthu atatu m'nyumba imodzi, kudyera patebulo limodzi zaka zonsezo, aliyense atameza zake.

Kenako pensulo inaima. Bambo ankayang'ana zenera la pabalaza. Nyumba yanga si yosanja, ndipo mazenera onse ali ndi zitsulo. Kunja kunali dzuwa, mpanda, ndi mpando wapulasitiki wothyoka mwendo.

"Wakweranso," ananong'ona. "Taonani, wagwada pazenera. Musakuwe, angadzidzimuke. Pitani pang'onopang'ono."

"Bambo, palibe munthu."

"Mtsitseni!"

Mawu amenewo ndinali ndisanawamve chiyambire matenda awo. Ankayesa kudzuka, miyendo ikukana, mpando ukukwekwereza pansi. Ndinaopa kuti agwa. Ndinaimirira, n'kuyenda monyang'ama monga ananenera. Nditafika pazenera ndinatambasula manja, ndikuyerekeza pamene m'khwapa mwa mwana wa zaka zitatu mungakhale, n'kunyamula.

Sindikunena kuti ndinaona kanthu. Sindinaone. Koma ndinazindikira kuti ndapendekera kumanzere, chiuno nditachitulutsa monga ndinkachitira pomunyamula, ndipo sindinathe kuwongoka.

"Ndimuike pati?" ndinafunsa.

Bambo anasendera, n'kusisita pampando pambali pawo. Ndinawerama, ndikumasula manja pang'onopang'ono. Iwo anapuma mozama, natenga pensulo yofiira n'kuyamba duwa loyamba, atapendeketsa buku kuti wa pambaliyo aziona. Anamaliza onse asanu ndi awiri. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini mpaka mwamuna wanga anabwera kuchokera kuntchito, n'kundifunsa chomwe chimanunkha. Ayironi ndinaisiya yoyaka, inali itaboola nsalu ya patebulo.

M'mawa mwake ndinawapititsira tiyi kuchipinda. Anali atadzuka bwino, atapesa, akumwetulira. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwauza zonse: za masitepe, za kamphaka, kuti Kamzime ananditsatira mpaka pakhomo ine n'kumubweza, chitseko n'kutseka kuti asandisokoneze. Zimenezi ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kapu ili m'manja, akugwedeza mutu mwaulemu ngati mmene ankamverera makasitomala. Nditamaliza anandigwira dzanja.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero. "Zoopsa zimenezo. Mwanayo anali wa ndani?"

"Wa aneba," ndinayankha.

"Ambuye awatonthoze."

Anamwa tiyi wawo, n'kudandaula kuti shuga wachepa. Ndinapita kukatenga.